Odi Amene Ndaziona Anayankha

Nkhani iyi asisi anga ndi alamu anga saikamba mofanana, ndipo ndaona kuti sadzagwirizana. Alamu, a Kamtedza, amati panalibe chachilendo: winawake wodziwa za makompyuta ankawaseweretsa, zina zonsezo inali mphepo ya ku Dedza ndi mantha a azimayi. Asisi, a Nangondo, akamva zimenezi amangoseka. Iwo amati m'nyumba mwawo munalowa mlendo, ndipo amene akuti panalibe kanthuyo ndi yemwe anayankhula naye.

Ine ndinalipo. Nyumba yanga ya kusukulu kumene ndimaphunzitsa ankaikonza denga, choncho nyengo yozizira ya chaka chimenecho ndinkagona kwao. Nyumba yawo ndi yomaliza mumzere, pamene kanjira kamasiya nyumba za anthu n'kulowa m'mitengo ya paini kukwera phiri.

Zinayamba ndi lamulo. Alamu ali ndi ana aakazi awiri, Ndaziona amene anali Fomu 3 ndi Sungeni amene anali Fomu 1, ndipo anatopa nawo. Sindinganene kuti analakwa kutopa. Ndaziona ankadya foni ili pambali pa mbale, ankayankha kuti "eee" asanamve funso, ndipo tsiku lina anapsereza nyemba ali chiimire m'khitchini momwemo, utsi ukumudutsa pamphuno. Zotsatira za mayeso nazo zinatsika. Koma atsikanawo analinso ndi mfundo zawo. Aphunzitsi masiku ano amatumiza mafunso madzulo pa gulu la kalasi la pa foni. Nyimbo za kwaya amaphunzirira pa foni. Ndipo mtsikana ku Dedza, dzuwa likalowa, angapitenso kuti kukacheza ndi anzake?

Alamu anamvetsera zonsezi n'kugwedeza mutu, kenaka anagamula.

"Chakudya chamadzulo chikangofika patebulo, rauta izizima mpaka mawa. Amene ndidzamupeze ali pa intaneti nthawi imeneyo, ndikamusiya kwa azakhali ake ku Mayani. Akaphunzire komweko."

"Adadi, kwa azakhali netiweki amaipeza pachulu," anatero Sungeni.

"Ndiye chifukwa chake ndatchula kumeneko."

Sungeni anaseka, koma Ndaziona sanaseke. Ankawadziwa bambo ake. Kupita ku Mayani kunali kusiya sukulu yake pakati pa chaka, kusiya anzake, kusiya kwaya imene ankaitsogolera nyimbo.

Kuyambira tsiku limenelo alamu ankazula okha rauta, kabokosi kobweretsa intaneti m'nyumba, kukulunga chingwe chake bwinobwino, kuitsekera m'kabati ya kuchipinda kwawo, kiyi n'kuika m'thumba. Mafoni anawasiyira, poti bandulo sankawagulira. Lamulo linagwira ntchito, komanso linabwera ndi china chimene palibe anachiganizira. Nyumba inangoti zii. Atsikana ankadya mitu ili pansi, kutsuka mbale popanda kuimba, n'kukadzitsekera kuchipinda. Nkhani za kusukulu zinatha, mikangano yolimbirana tchaja inatha, ngakhale wailesi sankaiyatsa chifukwa cha mkwiyo.

"Bambo a Ndaziona," anafunsa asisi tsiku lina, "mwazimitsa rauta kapena mwazimitsa ana?"

"Azolowera," anayankha alamu ali pa nyuzipepala.

Ndiye kunabwera madzulo aja. Chifunga chinatsika m'phiri molawirira mpaka mpanda sunkaoneka. Tinali titangomaliza kudya, ine ndili kukhitchini kutsuka makapu. Zimene zinkachitika kuchipinda kwa atsikana anandiuza pambuyo pake, koma ndiziika pano pamalo pake.

Sungeni ankangoseweretsa foni, ndiye anati, "Ndazi, taona. Pali waifai."

"Ya ndani? Ya aneba sifika kuno."

"Taona wekha."

Pa mndandanda panali dzina limodzi lokha, timizere take tonse todzaza ngati mwini wake waima pazenera. Dzinalo linali lakuti Odi.

Inkafuna pasiwedi. Ndaziona anatenga foni yake, anayesa manambala otsatizana, anayesa dzina la Dedza, anayesa dzina la Yesu, zonse zinakana. Apo Sungeni anagwa nako kuseka.

"Iwenso ngati sunaleredwe. Munthu akati odi umayankha kuti chiyani?"

Ndaziona analemba kuti odini. Foni inati mawuwo afupika. Anawonjezera, n'kukhala odinilowani. Inalowa.

Nthawi yomweyo, kukhitchini kumene ndinali, chitseko chakuseri chinatseguka. Chitseko chimenecho n'cholimba, nyengo yozizira chimafuna kukankha ndi phewa. Koma chinatseguka pang'onopang'ono, popanda kulira, mpata wongokwana munthu woonda, n'kuima. Galu wawo Zaone, amene amauwa ngakhale abusa, anali atagona pakhomo. Anadzuka, anagwedeza mchira, n'kupatuka ngati akupereka njira. Ndinamva fungo la bulangete lonyowa ndi utsi wa nkhuni likundidutsa kulowera pabalaza. Ndinatseka chitseko, ndi phewa monga mwa masiku onse, n'kudziuza kuti ndi mphepo.

Atsikana aja sanapindule kanthu. Intaneti ya Odi sinatsegule chilichonse, kanthu kozungulira kaja kankangozungulira. Anatopa n'kuisiya.

M'mawa alamu anatuluka kuchipinda foni ili m'manja, nkhope itachita mdima. Pa gulu la banja, pamene pali abale onse mpaka a ku Joni, panali uthenga wochokera pa nambala ya Ndaziona, wotumizidwa dzulo lake madzulo rauta itazima kale. Anauwerenga mokweza.

"Mwaswera bwanji nonse. Ine ndafika bwino, ndipo eni nyumba andiloŵetsa."

"Adadi, si ine," anatero Ndaziona.

"Nambalayi ndi ya ndani?"

"Ndi yanga, koma si ine."

Asisi anatenga foni ija n'kuiyang'ana patali, poti magalasi anali kuchipinda. "Bambo a Ndaziona, mwana wanu uyu analembapo liti kuti mwaswera bwanji? Uyu amalemba kuti bho. Nanga kachipewa kali pamwamba pa w aka, akakapeza kuti? Kameneka tinasiya kulemba ife tili ku pulayimale."

"Akufuna kundipusitsa kuti ndiziti si iyeyo," anatero alamu. "Ili ndi chenjezo. Lachiwiri kulibe."

Masiku otsatira tinayamba kuona tinthu ting'onoting'ono, toti ukatinena patokha anthu angakuseke. Pabalaza pali kampando ka thabwa kamene kamakhala pakona, kokwerapo pofuna kusintha babu. M'mawa uliwonse tinkakapeza pafupi ndi chitseko, katayang'ana ku sofa. Asisi ankakabweza pakona, mawa lake kali pomwepo. Patapata akale a alamu, amene anasowa kalekale, tinawapeza pakhomo panja, atayalidwa bwinobwino moyandikana ngati munthu wavula kuti alowe. Tchaja ya Sungeni inasowa, n'kupezeka pa soketi ya pafupi ndi kampando kaja, yopanda foni, koma yotentha. Zaone anasiya kugona kukhitchini. Ankagona patsogolo pa kampandoko, chibwano pansi, maso m'mwamba.

Chimene chinanditokosa kwambiri ndi cha nthawi ya chakudya. Asisi akangovundukula mbale, tinkamva kuomba m'manja, kofewa, kwa manja opindika, monga amachitira munthu wamkulu pothokoza. Tinkayang'anana.

"Mipope ya madzi imeneyo," ankatero alamu, koma ankadya mofulumira.

Tsiku lina masana kunabwera mayi wogulitsa mbatata ya kachewere, amene amatsika nayo kuchokera kuseri kwa phiri. Ndikusankha mbatata iye anati, "Alendo anu aja akadalipo?"

"Alendo ake ati, mayi?"

"Aja amaothera dzuwa pakhonde apo. Ndawapatsa moni dzulo, angogwedeza mutu. Aulemu, koma akuoneka otopa. Achokera kutali eti?"

Ndinafunsa kuti ndi aamuna kapena aakazi. Anaganiza kaye, dengu lili pamutu, kenaka anati, "Mwandifunsa bwino. Anafunda bulangete."

Mauthenga nawo sanasiye. Wachiwiri unati, "Kuno kukuzizira, koma pokhala andipatsa." Abale a ku Joni anayamba kufunsa ngati Ndaziona wakwatiwa. Alamu anamulanda foni, anaizimitsa pamaso pathu, n'kuitsekera m'kabati limodzi ndi rauta. Madzulo omwewo, tikumwa tiyi, mafoni a akuluakulu tonse amene tinali ndi bandulo analira pamodzi. Nambala ya Ndaziona. Mawu amodzi okha: "Ndikudikirabe."

Ndinaganiza kuti apa alamu aona kuti mwana alibe mlandu. Koma iwo anaona zina.

"Wapereka nambala yake kwa mnzake kuti azilemba pa kompyuta. Akundichita chipongwe pamaso pa abale. Loweruka m'mawa tikupita ku Mayani. Ukalonge chikwama."

Kunena zoona, zimene ananenazo zimatheka. Ine ndinaphunzirako pang'ono, ndikudziwa kuti nambala ya munthu imabedwa ndipo ana amadziwa njira zimene ife sitizidziwa. Koma ndinkadziwanso chimene chinandidutsa pa chitseko cha kukhitchini.

Lachisanu masana ndinamupeza Ndaziona akupinda yunifolomu, misozi ikugwera pa kolala. Sungeni anali atakhala pabedi.

"Anti," anatero Sungeni, "tikakuuzani chinthu simukanena kwa adadi?"

"Zimenezo sindingalonjeze. Koma ndikuitanirani amayi anu, timvere limodzi."

Anafotokoza zonse, za Odi, za pasiwedi, za chifunga. Sungeni anationetsa foni yake. Odi inali pomwepo, timizere todzaza, masana dzuwa likuwala. Asisi anamvetsera dzanja lili pakamwa. Ndinkayembekeza kuti akalipa chifukwa cha lamulo lophwanyidwa, koma chimene chinawakwiyitsa chinali china.

"Iwe Ndaziona. Unayankha odi wa munthu usanamuone?"

"Amama, inali pasiwedi chabe."

"Unati chiyani?"

"Odini, lowani."

"Ndiye analowa. Wamulowetsa munthu m'nyumba, wakhala pampando masiku onsewa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wamulonjera! Mlendo sayamba yekha kunena chimene wabwerera. Amadikira eni nyumba amufunse. Ndipo sangachoke asanatsanzike. Mwandichititsa manyazi ana inu, ndi ine ndemwe ndadzichititsa manyazi, kumangobweza mpando wa munthu pakona."

Dzuwa litangolowa asisi anasesa pabalaza, anayala mkeka patsogolo pa kampando kaja, n'kutiitana tonse. Alamu atamva za pasiwedi anayamba adzimenya pantchafu.

"Mwamva? Anayesa kulowa pa intaneti. Ndinkanena ine."

"Eya, anayesa, ndipo analakwa," anatero asisi. "Zimenezo tikambirana. Koma poyamba tilonjere mlendo."

"Mayi a Ndaziona, ine mkulu wa mpingo, ndizilonjera mpando?"

"Ngati palibe munthu, mutaya chiyani? Mpando sukanena kumpingo."

"Sindiyankhula ine."

"Musayankhule. Ingokhalani pamalo panu ngati mwini nyumba, ndipo nyuzipepalayo muike pansi."

Anaiika pansi. Chifunga chinali chitafika kale pazenera. Zaone anagona pamalo pake. Asisi anamukodola Ndaziona, poti ndi iye anayankha odi. Mwana anagwada pamkeka, manja onse awiri pamodzi poonekera, n'kuyang'ana kampando kopanda munthu.

"Takulandirani," anatero ndi mawu aang'ono. "Pepani tachedwa kukulonjerani. Muli bwanji?"

Sungeni anandigwira chitenje mwamphamvu. Fungo la bulangete lonyowa lija linadzaza pabalaza. Kenaka tinamva kuomba m'manja kuja, pafupi kwambiri, ndipo foni inanjenjemera m'thumba mwa alamu, thumba lomwe munali kiyi wa kabati.

Anaitulutsa. Anayang'ana foni, anayang'ana manja a mwana wawo, anayang'ananso foni. Mafoni athu enafe sanalire. Uthenga uwu unapita kwa iwo okha.

"Werengani," anatero asisi.

Anakonza kukhosi. "Akuti, ndili bwino, kaya inu eni nyumba."

"Tili bwino," tinayankha tonse pamodzi tisanaganize. Ndinamva mawu a alamu ali m'gulumo.

Asisi anapitiriza ngati akuyankhula ndi mlendo wina aliyense. "Timve malonje. Mwatiyendera ndi chiyani?"

Foni inanjenjemeranso. Ulendo uno alamu anawerenga okha kaye, ndipo ndinaona makutu awo akusuntha.

"Akuti, ine ndimadutsa kanjira aka masiku onse. Ndinazoloŵera kumva nyumba ino ikuimba. Itangoti zii, ndinati kwagwa zovuta. Masamba pamsewu sindinaone, koma ndinati ndisadutse osapepesa. Watisiya ndani?"

Tinayang'anana. Kenaka Sungeni anatulutsa kaphokoso m'mphuno, koyesa kubisa chiseko. Asisi anamutsina, koma mapewa awonso ankagwedezeka. Munthu uja, kaya ndi chiyani, anabwera kudzakhuza maliro. Masiku onsewa anakhala pakampando, m'kuzizira, kudikira kuti amuuze amene wamwalira.

"Funsoli ndi la mwini nyumba," anatero asisi akupukuta m'maso. "Ife azimayi sitingayankhe."

Alamu anayang'ana kudenga ngati kuchokera thandizo. Kenaka anakhala bwino pa sofa, anaika manja pamawondo, n'kuyang'ana kampando kaja molunjika.

"Zikomo kwambiri chifukwa chotiganizira," anatero, ndi mawu omwe amalandirira alendo kumpingo. "Koma kuno kulibe zovuta. Tonse tili moyo. Tinangozimitsa rauta basi."

Yankho linachedwa. Ndinaganiza kuti mwina mlendoyo sakudziwa kuti rauta n'chiyani, ndipo alamu ayamba kufotokoza. Koma foni inanjenjemera komaliza.

"Akuti, kani. Ndiye ndapita. Tsalani bwino."

Kampando kanalira pang'ono, monga thabwa limachitira munthu akadzuka. Zaone anaimirira.

"Timuperekeze," anatero asisi.

Tinatuluka tonse. Patapata aja pakhomo panalibe. Galu anatsogola, akuyenda pambali pa kanjira ngati pakati pali wina, ife pambuyo, m'chifunga choti sungaone dzanja lako. Ndaziona anagwira mkono wa amayi ake. Sungeni anayatsa foni yake n'kumatiuza monong'ona.

"Timizere tikuchepa. Tachepanso. Katsala kamodzi."

Tinafika pamene nyumba zimathera ndi paini kuyamba. Zaone anaima, anagwedeza mchira kuyang'ana kumtunda, n'kukhala pansi.

"Yachoka," anatero Sungeni. "Odi palibe."

"Muyende bwino," anafuula asisi m'mitengomo. "Mukafike bwino kumene mukupita." Palibe anayankha, ndipo kunena zoona tonse tinasangalala kuti palibe anayankha.

Pobwerera alamu ankayenda patsogolo okha, manja kumbuyo. Mpaka lero amati pobwererapo ndi pamene anazindikira kuti ndi munthu wa makompyuta, ndipo ndikawafunsa kuti munthuyo anamva bwanji zimene tinkayankhula pabalaza, amati anthu amenewo ali ndi njira zawo. Sinditsutsana nawo. Iwo ankafuna mwana adzutse mutu aone anthu amene akukhala nawo, ndipo pamenepo ankanena zoona. Asisi ankafuna nyumba ikhale ya anthu amoyo, ndipo nawonso ankanena zoona. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti titalowa m'nyumba, alamu sanakhale pansi. Anapita kuchipinda, tinamva kiyi akulira m'kabati, ndipo anatuluka ndi rauta kudzanja lina, foni ya Ndaziona kudzanja lina.

"Iwe, tabwera kuno."

Ndaziona anabwera n'kugwada.

"Lamulo langa unaphwanya. Mbale za mwezi uno ndi zako wekha, Sungeni asakuthandize."

"Eya, adadi."

"Mauthenga aja sunalembe ndiwe. Kamasule chikwama. Ku Mayani supita."

Mwana anaphimba nkhope ndi manja. Alamu anatembenukira kwa tonsefe.

"Rauta izikhala pano pa shelefu. Nthawi ya chakudya izizima, ndipo mafoni onse azikhala kutali ndi tebulo, ndi yanga yomwe. Tikatha kudya iziyaka mpaka nthawi ya mapemphero. Koma intaneti ndi ya pabalaza pano, pamene tikuonana, osati kuchipinda. Ndipo m'nyumba muno munthu asadzalowenso pa waifai imene mwini wake sanamuone nkhope."

Anawerama okha n'kulowetsa chingwe pa soketi. Timagetsi tobiriwira tinayamba kuphethira. Ndaziona anatenga foni yake mwamantha, anafunafuna nyimbo ya kwaya imene anaisiya pakati, n'kuiyatsa motsitsa kwambiri kuti asawasokoneze.

Alamu anatenga nyuzipepala, anayang'ana chifunga pazenera, n'kuiikanso pansi.

"Takweza pang'ono," anatero. "Ndipo uziimba nawo. Odutsa asamaganize zina."